Padi ikakana kulumikizana, musathamangire kugula ina

Katundu akafika kuchokera ku Joni, ife a ku Mzimba timadziwa kale zimene zimatuluka m'makatoni: mabulangete, mapoto, masipikala, sola ndi TV. Masiku ano pakati pa katunduyu sipalephera kupezeka makina a magemu, makamaka PlayStation 3 ndi PlayStation 4, nthawi zina Xbox 360, ogulidwa kwa munthu amene anawagwiritsa kale ntchito. Wotumizayo sakufuna kuti ana azingosewera ayi. Akufuna mng'ono wake kapena mkazi wake atsegule kachipinda pa Jenda, pa Embangweni, pa Luwerezi kapena pa Boma, anyamata azilipira posewera mpira wa FIFA, kuti ya mchere ndi sopo izipezeka pakhomo popanda kudikira kuti mwezi uthe ku Johannesburg.

Choncho padi ikakana kulumikizana ndi makina, ndi mpamba umene waima. Mpira umafuna anthu awiri, aliyense ndi padi yake. Imodzi ikangokana, anyamata amasamukira kwa mnzanu wa tsidya lina la msewu, pomwe lendi ya kachipinda siidikira. Kunyumba nako kumayamba kulozana zala. Wa ku Joni akuti anayesa zonse asanapakire, ndiye kuti mwaononga ndinu. Akuno akuti anamugulitsa zakufa. Ena amakayikira wonyamula katundu kuti anasinthanitsa panjira. Ndaonapo abale atasiya kuyankhulana kaamba ka kanthu kamene mtengo wake sufika ngakhale pa wa nkhuku.

Ine ndimaphunzitsa Physics ndi Masamu pa sekondale yoyendera kum'mwera kwa boma lino, ndipo kumudzi mphunzitsi wa sayansi amayesedwa mmisiri wa chilichonse chokhala ndi waya. Mapadi ambiri adutsa patebulo langa, eni ake atagamula kale kuti, "Asambizgi, yafwa." Ambiri mwa mapadiwo anali amoyo. Chimene chimasowa ndi chomwe timaphunzitsa ana a Fomu 1 pa kafukufuku wa sayansi: posaka gwero la vuto, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, zina zonse zikhale momwe zinalili, ndipo yambani ndi chotchipa. Amene asintha kebo, padi, soketi ndi TV nthawi imodzi, ngakhale zitatheka, sadziwa chimene chinalakwika, ndipo mawa adzavutikanso chimodzimodzi.

Tiyambe ndi momwe zinthuzi zimagwirira ntchito. Mapadi a PS3 ndi PS4 amayankhula ndi makina kudzera pa Bluetooth, mafunde a wailesi a 2.4 GHz, omwe aja amene foni imatumizira nyimbo ku sipikala. Chipangizo chilichonse cha Bluetooth chili ndi nambala yakeyake, monga momwe foni iliyonse ilili ndi nambala. Koma padi imasunga nambala ya makina amodzi okha. Ili ngati foni imene mungasungemo dzina limodzi basi, mukalemba latsopano lakale limafufutika. Ndiye padi yogulidwa payokha pamsika ku Johannesburg imakhala ikadali ndi nambala ya makina a mwini wake wakale. Mukadina batani la PS muli pa Jenda, iyo ikuimbira makina amene anatsala ku South Africa.

N'chifukwa chake pa padi ya PS3 mumaona timagetsi tonse tinayi tikuphethira kenako n'kuzima, pomwe pa ya PS4 kuwala kwa kutsogolo kumaphethira osakhazikika. Ambiri amayesa chizindikiro cha imfa, chonsecho ndi uthenga wabwino: padi ili moyo, ikuitana, kungoti palibe akuyankha. Ikalumikizana, pa PS3 kamatsala kagetsi kamodzi kosonyeza nambala ya wosewera, pomwe pa PS4 kuwala kumakhazikika, kwa buluu kwa wosewera woyamba, kofiira kwa wachiwiri.

Nambala yatsopano imalowa m'padi kudzera pa kebo. Yatsani makina podina batani la pamakina penipenipo, lumikizani padi ndi kebo ya USB, kenako dinani batani la PS lomwe lili pakati pa padi. Ikagwira, zulani kebo, ipitiriza yokha popanda waya. PS3 imalandira mapadi mpaka 7, PS4 mpaka 4, ndipo njira yosavuta n'kudutsitsa padi iliyonse pa kebo kamodzi koyambako.

Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu. Kebo yokwanira ya USB ili ndi timawaya tinayi mkati, tiwiri tonyamula moto, tiwiri tonyamula uthenga. Makebo ambiri otchipa, makamaka obwera ndi matochi, timawailesi ndi timasipikala, ali ndi tiwiri ta moto tokha. Kunja amafanana ndendende. Padi ya PS4 ikhoza kuonetsa kuti ikutchaja, inu n'kukhulupirira kuti kebo ili bwino, pomwe nambala ija ilibe podutsa. Onaninso mutu wa kebo. PS3 imafuna mutu wokulirapo wotchedwa Mini-B, uja wa makamera akale, pomwe PS4 imafuna Micro-B, wa mafoni a Android asanabwere a Type-C.

Kuyesa kebo n'kosavuta. Ya Micro-B, lumikizani nayo foni ku kompyuta: kompyuta ikaona zithunzi za m'foni, ndiye kuti keboyo imanyamula uthenga. Ya Mini-B, lumikizani padi ku laputopu muone ngati ikusonyeza kuti yapeza chipangizo chatsopano. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa, yemwe pano ali ndi kachipinda ka magemu pafupi ndi msika wakwathu, anakwera galimoto mpaka pa Boma kukagula padi yachitatu, atakana awiri obwera ndi makina. Yachitatuyo inakananso. Kebo imene ankagwiritsa ntchito inali ya kawailesi ka agogo ake. Titabwereka ya kamera yakale, mapadi onse atatu analumikizana mphindi zisanu zisanathe, koma ndalama ya padi ndi ya ulendo inali italowa kale m'madzi.

Kebo ikakhala yabwino, chotsatira ndi batire. PS3 inatuluka mu 2006, PS4 mu 2013, ndiye batire la m'padi likhoza kukhala la zaka zoposa 10, komanso litagona miyezi m'kabati kenako masabata panjira. Batire lotheratu moto limafuna nthawi, theka la ola kapena ola lathunthu pa kebo, musanagamule chilichonse. Padi yeniyeni ya PS3 ilinso ndi khalidwe lake. Nthawi zambiri siilandira moto pa chaja wamba ya pakhoma, imafuna makina oyaka kapena kompyuta, ndipo PS3 ikazimitsidwa mabowo ake a USB sapereka moto. Amene aisiya usiku wonse pa chaja ya foni amadzuka n'kuipeza momwe inalili dzulo.

Onetsetsani zimene zimachitika mukazula kebo. Ngati padi imasewera bwino ili pa kebo koma n'kuzimiratu mukangozula, wolakwa ndi batire, ndipo okonza mafoni amatha kulisintha. Ngati siikuzima koma ikungophethira, batire lili bwino, vuto lili ku Bluetooth. Mukatsegula padi n'kupeza batire litafufuma ngati mtanda wa mandasi, musalitchajenso, musalibowole, ndipo musalitaye pamoto kapena padzala pamene ana amatola zinthu. Mabatire a lithium akabowoka amayaka, ndipo moto wake suzima msanga.

Chachitatu ndi kabowo kamene ambiri sakadziwa. Kumbuyo kwa padi ya PS3 ndi ya PS4, pafupi ndi batani la L2, kuli kabowo kakang'ono kosiyana ndi mabowo a masikuluu. Mkati mwake muli kabatani koyambitsanso padi. Zimitsani makina, zulani pulagi pakhoma kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, tengani kachitsulo kotulutsira SIM khadi m'foni, dinani kabataniko kwa masekondi asanu, kenako bwerezani njira ya kebo ija. Musalowetse msomali kapena singano yakuthwa mwamphamvu, kabataniko n'kofewa.

Pali mapadi ena amene dzulo amagwira bwinobwino koma lero akukana. Musanadandaule, funsani amene anagona nayo. Anyamata amakonda kulumikiza padi ya PS4 ku foni pogwira mabatani a SHARE ndi PS pamodzi mpaka kuwala kuyambe kuphethira mofulumira. Ikatero yasunga nambala ya foni, ya makina yafufutika. Chimodzimodzinso mnzanu akabwereka padi n'kukailumikiza pa makina ake, kapena inu mukaitchaja pa PS3 ina m'chipinda chomwecho. Amene muli ndi makina awiri, lembani manambala pa mapadi ndi penti kuti iliyonse izibwerera kwawo, ndipo kebo yabwino ija izikhala yomangirira patebulo.

Kumbukiraninso kuti mapadi ali ndi mibadwo. Padi ya PS3, yotchedwa DualShock 3, siigwira ntchito pa PS4 ngakhale mutayesa tsiku lonse. Ya PS4, DualShock 4, imatha kusewera magemu ambiri pa PS3, koma batani la PS siligwira ndipo siinjenjemera. Ya PS5, DualSense, yomwe inatuluka mu 2020, siisewera pa PS4. Ya Xbox siiyankhulana ndi PlayStation. Wogula mofulumira pamsika, ataona mapadi ataunjikidwa pamodzi, akhoza kutumiza makina a mbadwo wina ndi mapadi a mbadwo wina osadziwa.

Kenako pali mapadi achinyengo. Kunja amanyezimira, dzina la Sony lili pomwepo, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Vutoli ndi lakale. Mu September 2010 kampani ya Sony inachenjeza kuti pamsika pali mapadi a PS3 achinyengo amene akhoza kuyaka kapena kuphulika, ndipo pulogalamu ya makina ya 3.50 itatuluka mwezi womwewo, mapadi ena osavomerezeka anasiya kugwira ntchito. Pa PS4, makina amafunsa padi chizindikiro chotsimikizira kuti ndi yovomerezeka, ndipo ena opanda chizindikirocho amaduka pakatha mphindi pafupifupi 8. Ngati padi yanu imaduka pa nthawi yofanana masewera aliwonse, ikayikireni. Poiyerekeza ndi yeniyeni, yachinyengo nthawi zambiri imapepuka, zilembo zake zimafufutika msanga, ndipo mabatani amalira ngati chidole.

Zonsezi zikalephera, yafika nthawi ya kafukufuku weniweni, ndipo apa mutu umodzi susenza denga. Pitani kwa mnzanu amene makina ake akugwira ntchito, mutenge padi yanu ndi kebo yanu. Yesani padi yanu pa makina ake ndi kebo yake. Ikagwira, padi yanu ilibe mlandu. Kenako yesani padi yake ndi kebo yanu. Ikakana, mwagwira wakuba. Pomaliza bweretsani padi yake ndi kebo yake pa makina anu. Zikakana zonse, zomwe mphindi zapitazo zimagwira, ndiye kuti vuto lili m'makina anu. Mayeso atatu okha, osalipira kalikonse, ndipo mukatha musaiwale kumubwezera mnzanuyo padi yake pa makina ake ndi kebo.

M'makina ambiri a PS3 ndi PS4, Bluetooth ndi Wi-Fi zimadalira kachipangizo kamodzi. Izi zimatipatsa njira ina yoyesera. Yatsani hotspot pafoni, muiike pa 2.4 GHz chifukwa PS3 ndi PS4 yoyamba siziona ya 5 GHz, kenako uzani makina asake Wi-Fi. Ngati palibe padi yoyendera m'mamenyu, kiyibodi ya USB imathandiza. Makina akalephera kuona foni imene ili pambali pake, kachipangizo kaja n'kokayikitsa. Nthawi zina sikanafe, kungoti amene anatsegula makina kuti achotse fumbi anaiwala kubwezeretsa kawaya ka eriyo. Apa pokha ndi poyenera kupita kwa mmisiri, ndipo mupite mukudziwa chomuuza. Amene ali ndi padi ya PS4 ya mtundu wachiwiri, yotuluka mu 2016, yomwe kuwala kwake kumaonekeranso pamwamba pa touchpad, ayese kulowa pa Settings, Devices, Controllers, n'kusankha kuti padi iziyankhula kudzera pa kebo. Makasitomala sadandaula ndi waya bola mpira ukuyenda.

Palinso mapadi amene amalumikizana koma n'kumadukaduka, wosewera akuthamanga yekha m'bwalo mwini wake atasiya kale. Poopa akuba, eni zipinda ambiri amatsekera makina m'bokosi lachitsulo lokhoma ndi loko. Chitsulo chimatchinga mafunde a wailesi, zimene Michael Faraday anasonyeza maziko ake kale mu 1836. Bokosi la matabwa, kapena lachitsulo lotseguka kutsogolo nthawi ya masewera, limathetsa vutoli. Bluetooth imafika pafupifupi mamita 10 pamalo opanda chotchinga, koma khoma ndi matupi a anthu odzaza m'chipinda amachepetsa mtundawo. Imadumphanso pa tinjira 79, maulendo 1,600 pa sekondi, pozemba phokoso la zipangizo zina, komabe MiFi, hotspot ndi masipikala a Bluetooth zikaunjikana pamwamba pa makina, imalema. Zisunthireni patali.

Amene muli ndi Xbox 360, yanu ndi ina. Mapadi ake sagwiritsa ntchito Bluetooth, ali ndi njira yawoyawo ya Microsoft, ndipo amadya mabatire awiri a AA. Yatsani padi, dinani kabatani kolumikizira komwe kali kutsogolo kwa makina, kenako dinani kofanana nako pamwamba pa padi masekondi 20 asanathe. Magetsi a padi akazungulira n'kukhazikika pa chigawo chimodzi, zatheka. Ambiri amakana chifukwa cha mabatire ofooka, kapena dzimbiri pa timasipuling'i ta m'kabokosi ka mabatire, lomwe limachoka popala pang'ono. Pa PS2, padi ya Sony inali ya waya. Opanda waya ndi a makampani ena, ndipo iliyonse imayenda ndi kachipangizo kake kolowetsa kutsogolo kwa makina. Kachipangizoko kakatsala ku Joni, padiyo yasanduka chidole.

Za magetsi nazo tisaziiwale. Kuno timagwiritsa ntchito mavoti 230, ofanana ndi a ku South Africa, koma pulagi ya kumeneko ili ndi mano obulungira pomwe yathu ili ndi a makona. Sinthani pulagi kapena gulani adaputala, osati kukhomera mawaya m'soketi ndi timitengo. Werengani zolembedwa pa bokosi la magetsi la Xbox 360, chifukwa lopangidwira ku America limafuna mavoti apakati pa 100 ndi 127 ndipo kuno limapsa. Amene mumadalira sola ndi inveta, musayambe kukweza pulogalamu ya makina batire likutha, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchitoyo mukhoza kuononga makina amene vuto lake linali kebo chabe.

Kwa abale athu amene muli ku Joni, ndalama zanu mumazipeza movutikira, choncho safunsa anadya phula. Musanalipire, uzani wogulitsa ayatse makina pamaso panu, alumikize mapadi onse, azule kebo, musewere mphindi 15. Jambulani kanema wa zimenezi pafoni, muonetse ndi nambala zolembedwa kumbuyo kwa makina ndi mapadi, mutumize kunyumba pa WhatsApp. Kanemayo amateteza inu, wonyamula katundu ndi olandira. Pakirani kebo yomwe mwayesera ija, ndipo muonjezere ina. Chiyambireni pamene kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo padi yabwino pano si yongotola.

Monga mphunzitsi, sindingamalize osanena za belu. Zipinda zimenezi zikatsegulidwa m'mawa, mabenchi a m'kalasi amakhala ndi mipata, ndipo ndalama ya makope imathera pa mapenate. Mwini chipinda amene amabweza mwana wovala yunifolomu nthawi ya sukulu, bizinesi yake imakhalitsa, chifukwa makolo, mafumu ndi komiti ya sukulu samuona ngati mdani. Koma sindili m'gulu la amene amati makinawa ndi oipa okhaokha. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake kebo ya timawaya tiwiri imatchaja koma osanyamula uthenga, kapena chifukwa chake bokosi lachitsulo limatchinga mafunde, wamvetsa mbali ya Physics imene ndimavutika kuijambula pabolodi ndi choko.

Ndiye padi ikakana, musayambe n'kuimbira foni ku Johannesburg ndi mawu aukali, ndipo musayambe n'kukwera galimoto ya pa Boma kapena ya ku Mzuzu. Yambani ndi kebo, kenako batire, kenako kabowo ka kumbuyo. Funsani ngati wina anailumikiza kwina, onani ngati ndi ya mbadwo woyenera, kenako kayeseni kwa mnzanu. Mukafika kwa mmisiri mutadutsa monsemu, mudzalipira chinthu chimene chaonongekadi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikumanenso sabata yamawa.